Kujambula ndi Dzuwa: Momwe Mungapangire Zithunzi za Buluu pa Pepala ndi pa Nsalu

Chitenje chikaiwalika pachingwe masabata awiri m'mwezi wa Okutobala, mbali imene yayang'ana kudzuwa imatuwa, koma pamene panaluma pegi pamatsala kachidindo kowala ngati momwe nsaluyo inachokera kusitolo. Timangoti dzuwa lawotcha nsalu. Komatu si kutentha kumene kwachita zimenezi, chifukwa chitenje chomwecho mumachisita ndi simbi yamakala, yotentha kuposa dzuwa la masana, mtundu wake osasintha. Chimene chagwira ntchito ndi kuwala. Kuwala kukalowa m'tinthu ting'onoting'ono timene timapanga utoto, timene asayansi amati mamolekyulu, kumatha kutiphwanya, kutilumikiza kapena kutisandutsa chinthu china. N'chifukwa chake mankhwala ena kuchipatala amaikidwa m'mabotolo akuda, n'chifukwa chakenso ndowa yapulasitiki yokhalitsa pabwalo imayamba kufumbutuka ngati yadyedwa ndi anankafumbwe.

Ine ndikufuna ndikuonetseni momwe mungagwirire mphamvu imeneyi ndi manja anu, muilamule kuti igwire ntchito pamene mukufuna ndi kuiletsa pamene simukufuna. Njira yake ndi yakale, dzina lake ndi cyanotype, ndipo imatulutsa zithunzi zoyera pa buluu wozama wonga wa nyanja pamene pali pakuya. Sifuna kamera, sifuna magetsi, sifuna chipinda chapadera. Imafuna mankhwala awiri, madzi, ndi dzuwa lomwe kwathu kuno tili nalo la mwanaalirenji.

Anaitulukira ndi Sir John Herschel wa ku England mu 1842, munthu yemwe zaka zochepa m'mbuyomo, kuyambira 1834 mpaka 1838, anakhala ku Cape Town akuwerenga nyenyezi za kumwera kuno. Chaka chotsatira, mu 1843, mayi wina wodziwa za zomera, Anna Atkins, anayamba kuyala ndere za m'nyanja pa mapepala opakidwa mankhwalawa n'kumaziika padzuwa, ndipo buku limene anasonkhanitsa limatengedwa kuti ndilo loyamba kukhala ndi zithunzi zojambulidwa ndi kuwala. Pambuyo pake amisiri a zomangamanga anaigwiritsa ntchito zaka zambiri pokopera mapulani a nyumba, milatho ndi sitima. Ngakhale m'tauni ya Mafeking ku South Africa, itazingidwa pankhondo mu 1900, masitampa a positi anasindikizidwa ndi njira yomweyi.

Chimene kuwala kumachita

Musadumphe ndime iyi, chifukwa mukaimvetsa, zolakwika zambiri mudzazizindikira nokha popanda wokuuzani.

Kuwala kumabwera m'timaphukusi ta mphamvu totchedwa mafotoni. Kaphukusi ka kuwala kofiira n'kofooka, ka buluu n'kamphamvu, ndipo ka UV, kuwala kumene maso athu saona, n'kamphamvu koposa. Maso amaona kuwala kwa mafunde otalika kuyambira pafupifupi 400 mpaka 700 nm (nm ndi kamuyezo kakang'ono kwambiri koyezera utali wa mafundewo). Mankhwala athuwa amamva kwambiri kuwala kwa UV kongotsika pang'ono pa 400, ndi buluu wa m'mphepete mwake. Kuwala kwa nyali yamafuta kapena kandulo amangokunyalanyaza. Molekyulu imasintha pokhapokha yameza kaphukusi koyenera. Kuwala kumene yangokulola kudutsa sikuichita kanthu, ngakhale kuchuluke bwanji.

Mankhwala oyamba ndi ferric ammonium citrate. M'menemo muli ayironi amene wagwiridwa ndi citrate, m'bale wa asidi wa m'mandimu. Ayironiyu ali mumkhalidwe umene amaulemba kuti Fe3+. Kaphukusi ka UV kakam'gunda, elekitironi imodzi, kanthu kakang'onong'ono konyamula mphamvu ya magetsi, imachoka pa citrate n'kudumphira pa ayironi, ndipo iye amasanduka Fe2+. Ntchito yonse ya kuwala ndi imeneyi basi: kusuntha elekitironi imodzi. Mankhwala achiwiri, potassium ferricyanide, amakhala phee pafupi, osachita kanthu ndi Fe3+. Koma akangokumana ndi Fe2+ amagwirana naye n'kupanga utoto wotchedwa Prussian blue, umene unapangidwa koyamba ku Berlin cha m'ma 1706. Utotowu susungunuka m'madzi, pamene mankhwala amene sanaone dzuwa amasungunuka. Choncho mukatsuka pepala, pamene panali mthunzi pamayera, pamene panaomba dzuwa pamatsala buluu wokanirira m'minyewa ya pepala.

Zimene mufunika kupeza

Chovuta kwambiri pa ntchito yonseyi ndi kupeza mankhwala, ndipo sindikubisirani. Potassium ferricyanide aphunzitsi a chemistry amaidziwa ndi dzina lina lakuti potassium hexacyanoferrate(III), ndipo amaigwiritsa ntchito posonyeza ana momwe msomali umachitira dzimbiri, choncho ogulitsa zipangizo za m'labu za masukulu ndiwo oyamba kuwafunsa. Ferric ammonium citrate ndi yosowako. Ambiri amaitanitsa pa intaneti kapena kutuma m'bale amene akuchokera ku Johannesburg kapena ku Cape Town, kumene masitolo a zojambula amagulitsa mankhwala onse awiri m'phukusi limodzi. Ngati pali kusankha, tengani citrate wobiriwira, osati wofiirira, pakuti wobiriwirayo amamva kuwala msanga.

Dzina muliwerenge chilembo ndi chilembo musanalipire. Ferricyanide ndi timiyala tofiira ngati njerwa yopsa bwino. Pali ina yotchedwa ferrocyanide, yachikasu, imene siigwira ntchitoyi mofanana. Ndipo pali potassium cyanide, poizoni woopsa wopha munthu m'kanthawi kochepa, amene alibe malo m'nyumba mwanu. Mu ferricyanide, cyanide wamangidwa zolimba ndi ayironi, ndiye chifukwa chake njirayi amaiphunzitsa ngakhale ana a sukulu. Koma chomangiracho chimamasuka akakumana ndi asidi wamphamvu, monga wa m'batire ya galimoto, kapena mukawaotcha pamoto, ndipo pamenepo pamatuluka mpweya wakupha. Asidi wa batire asayandikire pamalo ogwirira ntchito. Valani magolovesi, musadye mukupaka, ndipo ndikukupemphani ndi mtima wonse: musathire mankhwalawa m'botolo la zakumwa lopanda cholembedwa. Mwana saona kusiyana.

Zina zonse zili pafupi. Mabotolo awiri akuda okhala ndi zivindikiro, monga otsala a mankhwala a chifuwa, otsukidwa bwino. Sikelo yaing'ono yoyeza magalamu. Sirinji yopanda singano yoyezera madzi. Kasiponji kofewa kapena burashi yopanda chitsulo kumutu kwake, popeza chitsulo chikakhudza mankhwalawa chimasiya timadontho. Kapu yagalasi kapena yapulasitiki imene simudzamweramonso. Galasi la windo lopanda mtundu, thabwa kapena katoni yolimba yofanana nalo kukula, ndi mapegi akuluakulu anayi kapena asanu ndi limodzi. Beseni, viniga woyera, ndi madzi ambiri.

Pepala lifuna mawu angapo. Labwino ndi lokhuthala, la ojambula ndi utoto wamadzi, chifukwa limapirira kunyowa. Pepala lopangira fotokope limang'ambika m'beseni, komanso lambiri mwa ilo lili ndi choko mkati, ndipo choko ndi mdani wa buluu ameneyu. Ngati lomwe muli nalo ndi lokayikitsa, liviikeni kwa mphindi 5 m'madzi a lita 1 othira masupuni anayi a viniga, mulitsukuluze, liume kaye. Nsalu ikhale ya thonje lenileni, monga kaliko kapena malaya oyera akale, yochapidwa ndi kutsukuluzidwa mpaka sopo yense atatha. Nsalu ya nayiloni simwa mankhwalawa.

Kusakaniza

M'botolo loyamba sungunulani 25 g ya ferric ammonium citrate m'madzi, muwonjezere madzi mpaka zonse zikwane 100 ml. Lembani A. M'botolo lachiwiri sungunulani 10 g ya potassium ferricyanide mpaka ikwane 100 ml. Lembani B. Madzi abwino ndi osungunula a distilled, omwe amagulitsa othira m'mabatire, koma onetsetsani kuti ndi madzi okhaokha osati asidi. Madzi a mvula osefa nawo amachita bwino. Khutchumulani, musiye mabotolowo usiku wonse m'kabati kuti zonse zisungunuke.

A ndi B zikakhala padera mumdima zimatha miyezi ingapo. Botolo A limakonda kumera nkhungu pamwamba, chifukwa citrate ndi chakudya kwa tizilombo. Musataye, ingosefani ndi kansalu. Tsiku lopaka, tengani muyezo wofanana wa A ndi B, musakanize m'kapu. Pepala limodzi la A4 limamwa pafupifupi 3 kapena 4 ml, ndiye mabotolo awiriwa angakupatseni mapepala okwana 50. Sakanizani ongokwanira tsikulo, popeza zikangophatikizana zimayamba kukalamba. Madzi ake aoneke achikasu chobiriwirako, ngati ndimu yosapsetsa. Akaoneka abuluu muli m'kapu, ndiye kuti kuwala kapena chitsulo chafikamo kale.

Kupaka

Pakani madzulo dzuwa litalowa, kapena m'chipinda chotseka makatani. Babu lofooka la kuwala kofiirira kapena kandulo zilibe vuto. Yalani manyuzipepala, chifukwa dontho logwera patebulo silioneka usiku, koma mawa lidzakhala buluu wosachoka.

Viikani siponji pang'ono, muyendetse kuchokera kumanzere kupita kumanja mpaka pepala lonse litapakika, kenako muyendetsenso kuchokera pamwamba kupita pansi osawonjezera mankhwala. Anthu ambiri amaganiza kuti kuthira ambiri ndiye kuti buluu adzazama. Sichoncho. Mankhwala odikha pamwamba amauma ngati chikhungwa, amatchinga dzuwa kuti lisafike m'minyewa, ndipo potsuka amakokoloka ndi chithunzi chomwe. Pepala lingonyowa mofanana paliponse, lisachite zithaphwi. Nsalu imamwa kwambiri: iviikeni m'mbale yapulasitiki, muifinye mutavala magolovesi, muiyanike mumdima.

Ikani mapepala m'dilowa, m'katoni kapena pansi pa bedi kuti aume, zimene zimatenga theka la ola kapena ola lathunthu malinga ndi nyengo. Aume gwa. Pepala lachinyezi limadetsa tsamba, limamatirira kugalasi, ndipo chithunzi chimatuluka chamathothomathotho. Louma bwino lisungeni m'envulopu yakuda ndipo muligwiritse ntchito pasanathe masiku awiri kapena atatu, makamaka m'dzinja pamene mpweya uli wonyowa.

Padzuwa

Apa ndiye pagona luso lonse.

Yambani ndi masamba. Mukali m'nyumba, ikani pepala pathabwa, mbali yopakidwa kumwamba, muyalepo zimene mukufuna kujambula. Masamba a cham'mwamba, a bwemba ndi a jakaranda amatuluka bwino chifukwa cha timasamba tawo tambirimbiri. Tsamba la chinangwa limapereka chithunzi cholimba ngati dzanja lotambasula. Ngayaye za udzu zimaoneka ngati utsi. Nthenga ya nkhanga ndi imene ndimaikonda kuposa zonse, popeza mawanga ake oyera amalola kuwala kudutsa pang'ono, ndipo amadzaoneka pachithunzi ngati timadontho ta buluu pa nthenga yoyera. Masamba okhuthala ndi amadzi muwapanikize kaye m'buku masiku awiri. Vindikirani ndi galasi, mupanikize ndi mapegi m'mbali zonse. Kupanikiza kumeneku n'kofunika kwambiri: tsamba likatukuka ngakhale pang'ono, kuwala kumalowa pansi pake ndipo m'mphepete mwa chithunzi mumachita chibwibwi. Galasi la windo limalola UV amene tikumufunayu kudutsa, choncho lisakudetseni nkhawa.

Tsopano tulukani nalo, muliike pamalo pamene dzuwa likuomba molunjika, lipenyane ndi dzuwa maso ndi maso. Nthawi yabwino ndi kuyambira 10 koloko m'mawa mpaka 2 koloko masana. Ndiye khalani pomwepo muziyang'ana, musapite kukachita zina, chifukwa zimene muone ndi elekitironi zija zikusamuka pamaso panu.

M'mphindi yoyamba chikasu chija chimasanduka chobiriwira. Kenako chimalowa mu buluu wobiriwirako, kenako buluu woderako. Pamenepa mtima umati zatheka. Ine tsiku langa loyamba ndinachotsa pepala pa mphindi 4, litafika pa buluu wokongola ameneyu, n'kuthamangira nalo kubeseni. Mwana wa mchemwali wanga, amene anandithandiza kuthyola masamba, anagwada pafupi akuyang'anitsitsa. Madzi atangokhudza pepala, buluu yense anayamba kusungunuka ngati utoto wa switi, ndipo mwanayo anakuwa kuti, “Malume, chithunzi chikuthawa!” Chinathawadi. Panatsala kamthunzi kotuwa ka tsamba la papaya kosaoneka bwino. Zinandipweteka, chifukwa mankhwalawo ndinawadikira miyezi iwiri.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti buluu woyambayo amakhala pamwamba pokha. Muyenera kudikira mpaka pepala lidutse pa buluu, lifike pa mtundu wotuwa ngati phulusa, nthawi zina wonyezimirako ngati lata lakale. Limaoneka ngati lawonongeka, koma pamenepo m'pamene lapsa. Chifukwa chake n'chakuti kuwala kukapitirira, kumasandutsa ena mwa Prussian blue uja kukhala mtundu wake woyera, umene udzabwerera ku buluu wozama ukakumana ndi mpweya mutatsuka. Choncho maso anu aziyang'ana phulusa, osati buluu. Mukhoza kusuzumira pansi pa nsonga ya tsamba limodzi: ngati pansipo pakadali pachikasu chobiriwirako pamene pozungulira patuwa, nthawi yakwana.

Mphindi zake sizifanana. Dzuwa la Okutobala ndi Novembala, mitambo palibe, mphindi 8 mpaka 15 zimakwanira. M'miyezi ya Juni ndi Julayi dzuwa limakhala lopendekera ndipo mungafune mphindi 20 kapena 30. Tsiku la chiperoni, mitambo itaphimba, UV amadutsabe koma pang'ono, ndipo ola lathunthu likhoza kutha. Amene muli ku Britain, dzuwa la nthawi yozizira kumeneko n'lofooka kwambiri pa ntchitoyi. Dikirani miyezi yotentha kapena gulani nyali ya UV, ndipo musaiyang'ane ndi maso.

Kuti musataye mapepala pongoyerekeza, dulani kachidutswa kotalika ka pepala lopakidwa, mukaphimbe ndi katoni n'kusiya kachigawo kamodzi poyera. Mphindi 3 zikatha, kokani katoniyo muonetse kachigawo kena, ndipo muzitero mpaka zigawo zikwane zisanu ndi chimodzi. Mukatsuka mudzaona makwerero a buluu, kuyambira wotuwa mpaka wozama. Pamene makwerero asiya kuderapo, nthawi yanu ya tsikulo ndi imeneyo. Lembani kuseri kwake tsiku, ola ndi momwe kumwamba kunalili. Pakatha mwezi mudzakhala ndi kabuku kanu ka dzuwa la kwanu, kamene palibe angakulembereni.

Kutsuka

Bwererani m'nyumba kapena pamthunzi, chotsani galasi ndi masamba, muviike pepala m'beseni la madzi ozizira, nkhope yake pansi. Ligwedezeni pang'onopang'ono. Madzi adzasanduka achikasu. Tayani, thirani ena, mpaka katatu kapena kanayi, kwa mphindi zosachepera 5. Mukaliunika, pamene payenera kuyera pasakhale chikasu ngakhale pang'ono. Chikasu chotsala ndi mankhwala amoyo, ndipo chithunzi chikadzapachikidwa pakhoma malo amenewo adzayamba kuda.

Madzi a m'mijigo ndi m'zitsime zina amakhala ndi laimu wambiri, aja amene amasiya zoyera m'ketulo ndipo sopo sachita thovu msanga. Madzi otere amafooketsa buluu. Thirani supuni imodzi kapena ziwiri za viniga pa lita iliyonse m'beseni loyamba, ndipo mudzaona kusiyana. Viniga wa kukhitchini wosungunulidwa chonchi ndi wofatsa, si asidi woopsa uja ndakuchenjezani.

Chithunzi chongotuluka m'madzi chimakhala cha buluu wopepuka. Chiyanikeni pamthunzi ndi pegi, ndipo pofika mawa mpweya udzakhala utachizamitsa. Ngati simungathe kudikira, thirani kachivindikiro kamodzi ka hydrogen peroxide wa 3%, wotsukira zilonda wa ku famase, m'lita ya madzi, muviikemo chithunzi masekondi angapo. Buluu amadera nthawi yomweyo ngati mtambo wamvula ukubwera, ndipo ana amakonda kuona zimenezi kuposa china chilichonse. Mtundu womaliza umakhala womwewo, peroxide amangofulumizitsa. Tsukuluzaninso ndi madzi oyera.

Madzi otsukira musawataye m'khwawa, m'damu la nsomba kapena pafupi ndi chitsime. Ferricyanide akakhala m'madzi padzuwa amaphwanyika pang'onopang'ono, kuwala komweko kukugwira ntchito yake, ndipo zotsatira zake zimapha nsomba. Thirani m'ngalande ya madzi oipa a m'nyumba kapena m'dzenje lakutali ndi madzi akumwa, mutsatize madzi ambiri.

Nkhope za anthu

Mukazolowera masamba, mudzafuna kujambula nkhope, ndipo n'zotheka. Sankhani chithunzi pafoni chimene mbali zowala ndi zakuda zikusiyana bwino. Chisandutseni chakuda ndi choyera, kenako mutembenuze mitundu kuti poyera pade, pakuda payere, monga momwe mafilimu a makamera akale ankaonekera. Mapulogalamu ambiri osinthira zithunzi ali ndi batani la zimenezi. Chitembenuzeninso ngati pagalasi loyang'anira, kumanja kupite kumanzere. Pitani nacho kwa osindikiza, muwapemphe achisindikize pa pulasitiki yoonekera ya A4, inki ikhale yakuda kwambiri. Ikani pulasitikiyo pa pepala lopakidwa, mbali ya inki pansi, mupanikize ndi galasi monga kale.

Pulasitiki ikasowa, sindikizani pa pepala wamba, mulipake mafuta ophikira kuseri ndi thonje mpaka liyambe kuonekera, mupukute mafuta otsala ndi nyuzipepala, ligone usiku. Limafuna nthawi yowirikiza kawiri kapena katatu padzuwa, ndipo chithunzi chimatuluka chofewa, chokhala ndi timizere ta pepala. Ine ndimachikonda choncho. Chithunzi cha malemu agogo anga aakazi, atavala duku, ndinachipanga motere, ndipo kufewa kwakeko kumagwirizana ndi momwe ndimawakumbukirira.

Kusamala chithunzi, ndi kuchisintha mtundu

Prussian blue saopa madzi, koma amaopa chilichonse cha mtundu wa soda. Sopo waufa, soda wophikira therere, chidulo, phulusa, laimu wa pakhoma, zonsezi zimaphwanya buluu n'kusiya dzimbiri lachikasu. Nsalu yanu muziichapa pa yokha ndi madzi ozizira, ndipo ngati pafunika sopo, akhale dontho la sopo wamadzi wofatsa. Chithunzi chikakhalitsa pamalo owala kwambiri chimatuwa, koma chili ndi khalidwe lodabwitsa: mukachiika m'dilowa momwe mpweya ukulowa kwa masiku angapo, buluu wambiri amabwerera.

Udani wa soda umenewu mungausandutse chida. Sungunulani kasupuni kamodzi ka soda m'lita ya madzi, muviikemo chithunzi chouma mpaka buluu atayamba kufooka, muchitulutse msanga, mutsukuluze bwino. Kenako chiviikeni m'tiyi wakuda wowirira kwambiri, wopanda mkaka ndi shuga, wozizira, kwa theka la ola kapena kupitirira. Masamba a tiyi a ku Thyolo ndi Mulanje omwe timamwa m'mawa ali ndi tannin wambiri, chinthu chimene chimapangitsa tiyi kuwawa, ndipo tannin akagwirana ndi ayironi wotsala pa pepala amapanga mtundu wofiirira moderako, wonga wa zithunzi zakale za m'maalubamu. Yesani kaye pa chithunzi chimene simukuchidandaula.

Ngati mankhwala sanafike

Musakhale manja lende podikira phukusi. Pamsika pali ufa wa chikasu, uja wothira m'ndiwo, ndipo utoto wake, curcumin, umamva kuwala. Kusiyana kwake n'kwakuti apa dzuwa silipanga mtundu, limaufafaniza, monga linachitira ndi chitenje chija.

Thirani masupuni aang'ono awiri a ufa wa chikasu mu 50 ml ya spiriti, kutali ndi moto, mutakase, musiye kwa ola limodzi, musefe ndi kansalu. Pakani madzi achikasuwo pa pepala kawiri, liziuma mumdima pakati pake. Yalani tsamba, panikizani ndi galasi, muike padzuwa. Apa pafunika kuleza mtima, popeza zimatenga maola atatu mpaka tsiku lathunthu. Pozungulira tsamba pakatuwa, chotsani. Mudzaona tsamba lachikasu chowala pa pepala lotumbuluka. Tsopano sungunulani masupuni aang'ono awiri a soda m'kapu ya madzi, kapena tengani chidulo chosefa bwino, muthire mofatsa pamwamba pa pepala. Curcumin wosaphwanyika, amene anabisala pansi pa tsamba, amasanduka wofiira ngati katondo, pamene pozungulira pamangofiirira pang'ono. Tsukuluzani pang'ono, muyanike pamthunzi. Chithunzi chimenechi sichikhalitsa pakhoma, chifukwa kuwala kumapitiriza ntchito yake. Chisungeni m'kati mwa buku.

Kwa mphunzitsi amene alibe labu, njira ya chikasuyi ndi yokwanira kutsegula mitu ya ana. Pakani mapepala atatu. Limodzi muike padzuwa, lina mulikulunge m'pulasitiki yakuda n'kuliika padzuwa pomwepo kuti litenthedwe koma lisaone kuwala, lachitatu likhale m'kabati. Madzulo ana aone okha kuti lotenthedwa mumdima silinasinthe. Giacomo Ciamician, katswiri wa chemistry wa ku Bologna m'dziko la Italy, ankachita zonga zomwezi zaka zoposa 100 zapitazo: ankandandalika mabotolo a mankhwala padenga la labu yake n'kuwasiya padzuwa masabata ndi miyezi, ndipo mu 1912 anauza anzake pamsonkhano ku New York kuti tsiku lina mafakitale adzagwiritsa ntchito kuwala kwa dzuwa m'malo mwa malasha, ndi kuti maiko otentha ndiwo adzapindule. Ndikaona ana atazungulira thabwa ndi galasi pabwalo la sukulu, akukangana ngati pepala latuwa mokwanira kapena ayi, mawu amenewa amandibwerera.

Mukayamba kusewera ndi nthawi, yesaninso kutchinga kuwala ndi zinthu zamitundu. Ikani chikutiro cha switi chofiira, china chachikasu ndi china cha buluu pa pepala limodzi la cyanotype, ndipo pakona ya galasi mupakepo mafuta oteteza khungu kudzuwa ngati muli nawo. Pansi pa chofiira ndi chachikasu pamatuluka potuwa, pansi pa cha buluu pamadera, ndipo pamene pali mafuta aja pamatsala chidindo cha chala chanu, popeza mafutawo ameza UV asanafike pa ayironi.